Kumanga kompyuta ya magemu koyamba muli ku Dedza: muyambire pati?

Funso: Ndimakhala pa boma la Dedza, ndipo ndakhala ndikusunga ndalama za kachewere kuti ndikhale ndi kompyuta yangayanga yosewerera magemu a mpira ndi GTA V, mwinanso ena a pa intaneti. Munthu wina ku Lilongwe akufuna kundigulitsa yomanga kale, akuti ndi Core i7 ya RAM ya 16GB yokhala ndi timagetsi tokongola m'kati, koma mnzanga akuti kuli bwino ndigule zida ndimange ndekha. Sindinatsegulepo kompyuta chibadwire. Kodi ndiyambire pati, ndipo ndigule zida ziti kuti ndisadzanong'oneze bondo?

Yankho: Achimwene, mnzanuyo wakulangizani bwino, koma tisanafike pa zomanga nokha tiyambe ndi kompyuta ya ku Lilongweyo. Dzina loti Core i7 palokha silikuuzani kanthu. Kampani ya Intel yakhala ikutulutsa mapurosesa (ubongo wa kompyuta) otchedwa i7 kuyambira mu 2008, ndipo chomwe chimasiyanitsa wina ndi mnzake ndi manambala omwe amabwera pambuyo pa dzinalo. I7-3770 ndi ya m'badwo wachitatu, ya mu 2012, i7-4790 ndi ya m'badwo wachinayi, ya mu 2014, pomwe i3-12100 ndi ya m'badwo wa 12, ya mu 2022, ndipo ngakhale dzina lake likumveka laling'ono, pa magemu imaziposa ziwirizo kutalitali. Dziwaninso kuti Microsoft idasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kapena Ryzen ya m'gulu la 2000 kupita m'tsogolo, kotero i7 yakale mungaigule nthawi yake itatha kale.

Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti wogulitsayo watchula purosesa, RAM (memore yomwe kompyuta imasungapo zomwe ikugwira pa nthawiyo) ndi timagetsi, koma sanatchule graphics card, khadi lojambula zithunzi za gemu pa sikirini, lomwe ndilo chida chodula ndi chofunika koposa zonse m'kompyuta ya magemu. Munthu akalumpha dala dzina la khadi, nthawi zambiri m'bokosimo mumakhala khadi lofooka kapena mulibiretu. Muuzeni akutumizireni dzina lathunthu la purosesa, la khadi ndi la power supply (chida chogawira magetsi ku zida zonse), pamodzi ndi chithunzi cha m'kati mwa bokosi atalitsegula, ndipo akayamba kuzungulirazungulira mutsanzikane naye mwamtendere.

Magemu omwe mwatchulawa ndi omwe ayenera kukusankhirani zida. GTA V idatuluka pa kompyuta mu 2015, ndipo magemu a mpira, kaya ndi eFootball kapena EA Sports FC yomwe kale inkatchedwa FIFA, si olemera poyerekeza ndi magemu atsopano a nkhondo. Cholinga chanu chikhale kusewera pa sikirini ya 1080p (mulingo wa kuoneka bwino kwa chithunzi, wotsika kuposa 4K), gemu ikujambulidwa ka 60 pa sekondi iliyonse, chifukwa pamenepo mpira umayenda mosalala, pomwe ikatsika kufika cha m'ma 30 mumayamba kuona kudodoma komwe kumakuphonyetsani zigoli. Za 4K zomwe mumaziona pa YouTube zisiyeni kaye, popeza zimafuna khadi lomwe mtengo wake lokha ungapose kompyuta yanu yonse. Ndinenenso mosabisa kuti ngati mpira wokha ndi womwe mukufuna, PlayStation 4 yogwiritsidwapo kale ntchito ingakutsikireni mtengo kwambiri. Kompyuta imapindula pamene mukufunanso kuigwiritsa ntchito zina, monga kukonza mavidiyo a ukwati, kujambula zikwangwani kapena kuphunzira.

Pa ndalama zonse za bokosi ndi zam'kati mwake, ine ndimalangiza kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, kapena kuposerapo pang'ono, lipite ku khadi. Pa magemu anuwa, khadi lomwe ndingakulozereni poyamba ndi Radeon RX 6600 la AMD, lomwe lidatuluka mu 2021. Lili ndi memore ya 8GB, limayendetsa bwino pafupifupi gemu iliyonse pa 1080p, ndipo limadya mawati 132 okha, chinthu chomwe kwathu kuno n'chofunika kwambiri monga muonere ndikafika pa nkhani ya magetsi. Kumbali ya Nvidia kuli RTX 3060 la 12GB lomwe limadya mawati 170, ndi RTX 4060 la 8GB, la mu 2023, lomwe limadya mawati 115. Thumba likaperewera, GTX 1660 Super la 6GB likadali khadi labwino pa mpira ndi GTA V, ndipo GTX 1650 la 4GB ndiye malire omwe sindingakulangizeni kutsika kupitirira apo.

Apa m'pomwe ogula koyamba ambiri amaluzira ndalama zawo, choncho ndifatsepo. Nambala ya GB yolembedwa pa khadi ndi kukula kwa memore yake, si mphamvu yake ayi. M'masitolo mumapezeka makhadi monga GT 730 olembedwa 4GB ndi zilembo zikuluzikulu pa katoni, koma makhadi amenewa, pamodzi ndi GT 710 ndi GT 1030, adapangidwira ntchito za mu ofesi ndi kuonerera mavidiyo, ndipo gemu ya masiku ano imawafoola nthawi yomweyo. Palinso RX 580 la 8GB, la mu 2017, lomwe mudzalipeza paliponse pa mtengo wokopa. Lidali khadi labwino m'nthawi yake, koma limadya mawati 185, ndipo ambiri mwa omwe ali pa msika adagwira ntchito usana ndi usiku kwa zaka pokumba ndalama za pa intaneti, mpaka pomwe Ethereum, imodzi mwa ndalamazo, idasiya njira imeneyo mu Seputembala 2022 eni ake n'kuwakhuthulira pa msika. Ena mwa iwo ndi a mtundu wa 2048SP, omwe mphamvu yawo ndi ya RX 570 ngakhale dzina ndi la RX 580. Choipitsitsa ndi makhadi achinyengo, akale kwambiri, omwe anthu adawasintha pulogalamu ya m'kati kuti azidzitchula dzina la khadi latsopano.

Khadi logwiritsidwapo kale ntchito silolakwika kugula, bola muliyese musanapereke ndalama. Pitani ndi flash yokhala ndi mapulogalamu awiri aulere, GPU-Z ndi FurMark. Yoyambayo imaonetsa dzina lenileni la khadi ndi memore yake, ndipo ambiri mwa achinyengo aja imawazindikira. Yachiwiriyo imalithamangitsa khadi ndi mphamvu zake zonse. Isiyeni iyende kwa mphindi 15 kapena 20 mukuyang'ana zinthu zitatu: ngati mafani onse akuzungulira popanda kukhuluza, ngati kutentha kukukhazikika m'malo momangokwera kupitirira madigiri 85, ndiponso ngati pa sikirini sipakubwera timadontho, mizere kapena kuthima kwa kanthawi. Wogulitsa wokana kuti muyese, kaya akuti magetsi palibe kaya akuti akufulumira, sakuyenera ndalama zanu.

Purosesa ndi khadi zimakoka ngati ng'ombe ziwiri pa goli limodzi, ngolo imayenda pa liwiro la yofookayo, ndipo n'chifukwa chake kuika khadi lamphamvu pa i7 ya mu 2012, kapena purosesa yodula pa khadi la mu ofesi, ndi kutaya ndalama. Mnzake woyenera wa RX 6600 ndi Ryzen 5 5600, ya makoo 6 (tizigawo togwira ntchito m'kati mwa purosesa), yomwe imadya mawati 65 ndipo yatsopano imabwera ndi fani yake m'katoni. Ryzen 5 5500 ndi yotsikirako mtengo ndi mphamvu pang'ono, ndipo Ryzen 5 3600 yogwiritsidwapo kale ntchito ikadali yokwanira. Zonsezi zimalowa pa soketi yotchedwa AM4, pa motherboard (bolodi lalikulu lomwe zida zonse zimalumikizidwapo) ya B450 kapena B550, ndipo zimagwiritsa ntchito RAM ya DDR4. Kwa Intel, zofanana nazo ndi i3-12100F ndi i5-12400F, zomwe zimalowa pa soketi ya LGA1700, pa motherboard ya H610, B660 kapena B760. Purosesa ya AMD siingalowe pa motherboard ya Intel, ndipo ngakhale m'kampani imodzi momwemo soketi zimasiyana mibadwo ikamasintha, kotero purosesa, motherboard ndi RAM muzisankhire pamodzi ngati chinthu chimodzi. Tsamba la PCPartPicker limakuthandizani kwaulere kuona ngati zomwe mwasankha zikugwirizana.

Mudzamva ena akunena kuti AM4 ndi yakale, mugule AM5 yomwe idabwera mu 2022. Sakunama kuti AM5 ndi yatsopano ndipo ili ndi tsogolo lalitali, koma imalandira DDR5 yokha, ndipo purosesa, motherboard ndi RAM zonse zimakwera mtengo pamodzi. Kwa munthu womanga koyamba ndi ndalama zowerengeka, kusiyana kumeneko kuli bwino kupite ku khadi. Ubwino wina wa AM4 kwathu kuno ndi wakuti zida zake zafala, moti china chikafa simuvutika kupeza cholowa m'malo. Chenjezo ndi limodzi: motherboard ya B450 yomwe idakhalitsa m'sitolo ikhoza kukana kuyaka ndi Ryzen ya m'gulu la 5000 mpaka BIOS yake, pulogalamu ya m'kati mwa motherboard yomwe imayatsa kompyuta, itakonzedwanso, choncho funsani wogulitsa, kapena yang'anani pa katoni ngati palembedwa kuti ndi yokonzekera Ryzen 5000. Pa motherboard za LGA1700 onetsetsani ngati ndi ya DDR4 kapena ya DDR5, chifukwa zilipo za mitundu yonse iwiri ndipo RAM ya mtundu wina siilowa pa inzake.

Samalaninso zilembo za kumapeto kwa dzina. Purosesa ya Intel yothera ndi F siitha kuonetsa chithunzi payokha popanda khadi, chimodzimodzinso Ryzen 5 5600, 5500 ndi 3600. Koma Ryzen 5 5600G ili ndi kakhadi kake m'kati momwemo, kokwanira kusewerera GTA V ndi magemu opepuka mutachepetsa kukongola kwa zithunzi. Purosesa imeneyi muikumbukire, ndibwereranso kwa iyo pa nkhani ya kagulidwe.

RAM ikhale 16GB ya DDR4-3200, koma mugule timitengo tiwiri ta 8GB m'malo mwa kamodzi ka 16GB, chifukwa tiwiri timagwira ntchito mothandizana ndipo liwiro limakwera, makamaka pa 5600G. RAM ya laputopu ndi yaifupi ndipo siilowa pa motherboard ya kompyuta ya pa tebulo. Posungira zinthu gulani SSD ya NVMe, kachipangizo kopyapyala komwe kamamangidwa pa motherboard pomwepo popanda chingwe. Ya 500GB imadzaza msanga, popeza GTA V yokha imatenga pafupifupi 100GB, kotero ngati n'kotheka tengani ya 1TB ya kampani yodziwika monga Samsung, Crucial, Kingston kapena Western Digital. Yogwiritsidwapo kale ntchito muiyese ndi pulogalamu ya CrystalDiskInfo, yomwe imaonetsa maola omwe yagwira ntchito ndi thanzi lomwe latsala.

Bokosi lisakudyereni ndalama. Likhale ndi maenje olowera mpweya kutsogolo, sefa ya fumbi yochotseka, fani imodzi kapena ziwiri zokoka mpweya kutsogolo ndi imodzi yotulutsa kumbuyo, ndipo muyeze ngati khadi lanu likukwanamo m'litali. Timagetsi ta mitundumitundu sitiwonjezera liwiro ngakhale pang'ono. Inu a pa boma la Dedza muli ndi mwayi, chifukwa tauni yanu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 ndipo ndi yozizira, moti fani yobwera ndi purosesa ndi yokwanira ndipo zoziziritsira za madzi simukuzifuna. Wokhala kumunsi ku Golomoti kapena ku Mtakataka, komwe Okutobala amatentha zenizeni, angachite bwino kuwonjezera fani yaikulupo ya purosesa. Mdani wa nonse ndi fumbi la m'chilimwe, choncho bokosi likhale pa tebulo, osati pansi pomwe mumasesa.

Tsopano ndifike pa chida chomwe malangizo ambiri ochokera kunja amangochidutsa mwachangu, pomwe kwa ife ndicho chimasunga kapena kuwononga zina zonse. Power supply imalandira magetsi a ESCOM a mavoti 230 n'kuwasandutsa magetsi ochepa omwe purosesa ndi khadi zimadya, ndipo ikafa moipa imatha kupha motherboard, khadi ndi SSD nthawi imodzi. Ichi chokha mugule chatsopano, cha kampani yodziwika monga Corsair, Seasonic, Cooler Master kapena MSI. Ya mawati 550 ndi yokwanira pa zida zomwe ndatchulazi, ndipo ya 650 imakusiyirani malo odzakwezera khadi m'tsogolo. Chizindikiro cha 80 Plus Bronze ndi poyambira pabwino, ngakhale chimangonena za kusawononga magetsi, osati kulimba kwa zida zam'kati. Ma power supply opepuka omwe amabwera aulere ndi mabokosi otchipa amalembedwa mawati ambiri omwe sangawapereke. Njira yowagwirira ndi kuwerenga pepala lomatidwa m'mbali mwake: pezani pomwe palembedwa +12V, muchulukitse maampu ake ndi 12. Ya mawati 550 yeniyeni imakhala ndi maampu pafupifupi 45 pamenepo, pomwe yonamizira imakhala ndi ochepa kwambiri. Musadzayese kuitsegula, chifukwa imasunga magetsi oopsa ngakhale itazulidwa ku khoma.

Za kuthimathima kwa magetsi sindingakuphunzitseni, nonse mukukumbukira momwe zinthu zidalili namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Kompyuta imavulala m'njira zitatu: magetsi akathima mwadzidzidzi ikulemba zinthu pa SSD mafayilo amawonongeka, akabwerera amatha kubwera ndi mphamvu yopyola muyezo, ndipo madzulo anthu ambiri akayatsa zinthu amatha kufooka. Choncho UPS, kabokosi ka batire kogwirizira kompyuta magetsi akathima, muiwerengere pa mtengo wa kompyuta kuyambira pachiyambi. Pogula musasokoneze VA ndi mawati. UPS ya 650VA, yomwe ndi yofala m'masitolo, imapereka mawati osafika 400, pomwe kompyuta ya Ryzen 5 5600 ndi RX 6600 pamodzi ndi sikirini imatha kudya pafupifupi 300 gemu ili m'kati, ndiye kuti malo otsala ndi ochepa kwambiri, makamaka batire likayamba kukalamba. Tengani ya 1000VA kapena kuposerapo, yokhala ndi AVR yomwe imawongola magetsi akafooka kapena akakwera. Ntchito ya UPS ndi kukupatsani mphindi zochepa zoti mutseke gemu ndi kuzimitsa bwino, osati kuti mumalize ligi. Ngati ndalama ya UPS palibiretu, gulani kaye kachipangizo kofanana ndi kamene anthu amaika pa firiji kapena pa TV, komwe kamadula magetsi akapyola muyezo n'kudikira kaye akabwerera.

Mphezi ya m'dzinja siitchingika ndi zonsezi. Kukayamba kugunda, zimitsani, zulani pulagi ku khoma, ndipo muzulenso chingwe cha intaneti ngati chilipo. Mukagwira bokosi n'kumva kunyerenyetsa m'zala, ndiye kuti waya wa earth m'nyumbamo sali bwino, itanani wodziwa zamagetsi musanapitirize. Zida zochokera ku South Africa zimabwera ndi pulagi ya mano ozungulira yomwe siilowa m'masoketi athu a mano atatu amakona, ndipo m'malo mwa adaputala yogwedera gulani chingwe china cha pulagi yathu, n'chotchipa. Ngati mukudalira sola, werengani bwino: mawati 300 kwa maola anayi ndi yuniti imodzi ndi kachigawo, zomwe pa mita ya ESCOM si zambiri, koma ndi zofanana ndi zonse zomwe batire la 12V la 100Ah limasunga, chikhalirecho batire wamba siliyenera kutsitsidwa kupitirira theka. Inveta yake ikhalenso ya mtundu wa pure sine wave. Kumudzi komwe ESCOM sinafike, laputopu ya magemu ndi yanzeru kuposa kompyuta ya pa tebulo.

Mitengo sindikulemberani, chifukwa zida zonsezi zimachokera kunja ndipo mtengo wake umatsata dola. Kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mtengo wolembedwa lero ungakusokeretseni mawa. Vuto limeneli limaika wogula pakati pa zoopsa ziwiri. Mukasunga ndalama mpaka zikwanire zonse, zikhoza kumasungunuka muli chisungire. Mukamagula chida chimodzichimodzi, lero motherboard, pakatha miyezi itatu purosesa, simungadziwe ngati motherboard ija ndi yamoyo kufikira tsiku lomwe mudzamange, pomwe nthawi yoibweza idatha kalekale ndipo wogulitsa sakukukumbukiraninso. Njira yomwe ine ndimaikonda ndi kugula kawiri kokha. Ulendo woyamba mugule zonse zopanga kompyuta yoyaka: Ryzen 5 5600G, motherboard, RAM, SSD, power supply yabwino ndi bokosi. Mukamanga sabata yomweyo, chida chakufa chimadziwika nthawi ikadalipo, ndipo mumayamba kusewera. Ulendo wachiwiri, mwina mukagulitsa kachewere wotsatira, mudzagule khadi n'kungolilowetsa. Zoona, 5600G ikaphatikizidwa ndi khadi imatsalirako pang'ono kwa 5600, koma kusiyanako pa 1080p n'kochepa, ndipo tsiku lomwe khadi lidzavute simudzakhala ndi bokosi lakufa kudikira china kuchokera kutali. Ngati ndalama zonse zilipo kale, gulani 5600 ndi khadi tsiku limodzi.

Lilongwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 85 okha kuchokera kwanuko pa msewu wa M1, choncho pitani nokha mukaone ndi maso. Musatumize ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba kwa munthu wa pa Facebook kapena WhatsApp chinthu musanachigwire, ndipo kulikonse komwe mwagula pemphani lisiti lolembedwa dzina lathunthu la chida, nambala yake ya siriyo ndi masiku a waranti. Kuitanitsa kudzera kwa achibale a ku Johannesburg kumatha kutsika mtengo, koma muwerengeretu msonkho wa MRA pa chipata ndi zonyamulira, ndipo mudziwe kuti chikafa waranti yake ili komweko. Pobwerera pa minibasi, khadi ndi motherboard zikhale m'makatoni ake pa miyendo panu, zisapite kumbuyo kokhala matumba.

Ilipo njira yachidule kwa yemwe thumba lake ndi lochepa zedi, yogula kompyuta yomwe idagwirapo ntchito mu ofesi, monga Dell OptiPlex, HP ProDesk kapena Lenovo ThinkCentre, ya i5 ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, n'kuikamo khadi. Malire ake ndi akuti power supply ya makompyuta amenewa ndi yaing'ono ndipo kawirikawiri siisinthika ndi wamba, kotero mumangoikamo makhadi osafuna chingwe chawochawo cha magetsi, monga ena a GTX 1650, RX 6400 kapena RTX 3050 la 6GB, ndipo bokosi likakhala lopyapyala khadi liyenera kukhala lalifupi la low profile. Mpira ndi GTA V zimayenda, koma kukweza m'tsogolo kumathera pomwepo.

Kumanga kwenikweniko n'kosavuta kuposa kusankha, ndipo chida chomwe mukufuna ndi sikuludiraiva ya sitala basi. Gwirirani ntchito pa tebulo la matabwa, masana kukuwala, kabuku ka motherboard kali potsegula. M'miyezi yozizira ndi youma ya Juni ndi Julaye thupi limasunga magetsi omwe amathetheka mukavula juzi, ndipo amenewo amatha kuwononga zida, choncho muzigwira kaye chitsulo cha bokosi musanagwire chida chilichonse, ndipo zida muzizigwira m'mbali. Yambani motherboard ili kunja, pamwamba pa katoni yake. Purosesa ili ndi kachizindikiro ka makona atatu pa ngodya imodzi komwe kamalunjikana ndi kena pa soketi, ndipo ikalunjika imangokhala yokha popanda kukanikiza. Pa AM4 timapini tili pa purosesa, pa LGA1700 tili pa soketi, ndipo konseko tikapindika ndi nkhani yovuta. Fani yatsopano imabwera itapakidwa kale thermal paste, phala lothandiza kutentha kuchoka pa purosesa kupita ku fani, koma ya kampani ina muyang'ane ngati pansi pake pali kapulasitiki koyenera kumatula. RAM, mosiyana ndi purosesa, imafuna kukanikiza mpaka imveke kuti thapu, ndipo pa motherboard ya malo anayi timitengo tiwiri timalowa m'malo achiwiri ndi achinayi kuchokera ku purosesa.

Musanalowetse motherboard m'bokosi, ikani kaye kachitsulo kotchinga kumbuyo komwe kuli maenje a USB, ndipo onetsetsani kuti timabawuti ta mkuwa tomwe timaikweza kuti isakhudze chitsulo tili pokhapo pomwe pali maenje a masikuluwu. Zingwe zazikulu za magetsi ndi zitatu: cha mapini 24 cha motherboard, cha mapini 8 cholembedwa CPU chomwe chimapita pamwamba pafupi ndi purosesa, ndi cholembedwa PCIe chopita ku khadi. Ziwiri zomalizazi zimafanana maonekedwe koma sizisinthana. Timawaya ta batani loyatsira ndi tomwe timazunguza mutu, ndipo chithunzi cha m'kabuku kaja ndicho chikuuzeni pomwe kalikonse kamalowa. Mukayatsa koyamba mafani n'kuzungulira koma sikirini osaonetsa kanthu, musathamangire kuganiza kuti mwaotcha chinthu. Kawirikawiri imakhala RAM yosalowa bwino, chingwe cha CPU choiwalika, swichi ya kumbuyo kwa power supply, kapena chingwe cha HDMI cholowetsedwa pa motherboard m'malo mwa pa khadi.

Ikayaka, lowani mu BIOS podina Delete, muyatse XMP, yomwe pa motherboard zina za AMD imatchedwa DOCP, apo ayi RAM yanu ya 3200 iziyenda pa liwiro lotsika. Windows muitenge pa tsamba la Microsoft n'kuiika pa flash ya 8GB, ndipo madiraiva a khadi muwatenge kwa AMD kapena Nvidia. Sikirini ya mainchesi 24 ya 1080p ndi yokwanira, ndipo TV ya m'nyumba ingagwire ntchito poyamba mutayatsa Game Mode kuti isamachedwe kuonetsa zomwe mwadina.

Chomaliza choti muchiwerengere ndi bandulo. Motherboard zambiri zotsika mtengo zilibe Wi-Fi, koma foni yolumikizidwa ndi chingwe cha USB imapereka intaneti bwinobwino. Gemu ya 100GB pa bandulo ya foni ndi ndalama zambiri, ndipo magemu a masiku ano amafunanso kukoka zowonjezera pafupipafupi. Ngati mwagula gemu pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, ndipo mnzanu ali nayo kale, mukhoza kukopera mafayilo ake pa hard drive, Steam n'kungowatsimikiza ndi kukoka zochepa zotsala. Magemu obedwa omwe amagulitsidwa pa flash nthawi zambiri amabwera ndi mavairasi, ena oba mapasiwedi, ena ogwiritsa ntchito khadi lanu mobisa. Pa magemu a pa intaneti, chofunika si kukula kwa bandulo koma ping, nthawi yomwe uthenga umatenga kupita ku seva ndi kubwerera. Counter-Strike 2 ndi Dota 2 zili ndi maseva ku South Africa, pomwe magemu omwe maseva ake apafupi ali ku Ulaya amachedwa ngakhale kompyuta ikhale yamphamvu chotani, kotero musanaike ndalama pa gemu ya pa intaneti yambani mwayesa yaulere madzulo, nthawi yomwe netiweki ya kwanuko imakhala yodzaza.